Okhumudwa ndi The Dragon Republic akudandaula zimene bukuli linachita bwino

Kuyambira pamene buku la The Dragon Republic linatuluka mu Ogasiti 2019, okonda nkhani zopeka za nkhondo ndi matsenga sanagwirizanepo za ilo. Ambiri amavomereza kuti The Poppy War, buku loyamba la R.F. Kuang lomwe linatuluka mu 2018, linawagwira mtima mpaka tsamba lomaliza. Mkangano uli pa The Dragon Republic, lachiwiri mwa mabuku atatu a nkhani imodziyi. Odandaula amati ndi lalitali popanda chifukwa, mpangankhani wamkulu wasanduka munthu wotopetsa, moto umene anaukonda m'buku loyamba wazima, ndipo masamba oposa 600 angothera m'misonkhano ya akuluakulu ankhondo ndi m'zombo zokwawa pamtsinje. Ena amafika ponena kuti analisiyira pakati ndipo lachitatu sanaligule n'komwe.

Ine ndili mbali ya bukuli. Ndikuona kuti The Dragon Republic linalembedwa mwanzeru kuposa loyamba, ndipo zambiri mwa zimene anthu amadandaula ndi zinthu zimene mlembi akanalakwa akanazisiya. Chilema chilipo, chimodzi chachikulu, ndipo tifikako. Koma buku lolephera kuchita zimene linkafuna ndi losiyana ndi buku lokana kuchita zimene wowerenga ankayembekezera, ndipo madandaulo ambiri amasakaniza ziwirizi. Amene sanawerenge mabukuwa adziwiretu kuti pano tiulula zonse, ndi mathero omwe.

Kuti timvetse gwero la kukhumudwaku, tiyambe taona mmene buku loyamba linamangidwira. Fang Runin, yemwe aliyense amangomutcha Rin, ndi mwana wamasiye wa ku Tikany, kummwera kwa dziko la Nikan. Omulera, omwe ankagulitsa opiyamu mozemba, anafuna kumukwatitsa kwa bambo wachikulire ali ndi zaka 14 zokha. Njira yothawira inali imodzi, mayeso a boma otchedwa Keju, ndipo kwa zaka ziwiri mtsikanayu ankawerenga usiku wonse, tulo tikamugwira n'kumadzidonthezera phula lotentha la kandulo pamkono. Anakhoza, napita ku Sinegard, sukulu ya usilikali ya ana a mabwana, komwe ankamunyoza chifukwa cha khungu lake lakuda ndi kalankhulidwe ka kumudzi. Kenako dziko la Mugen linaukira, ana asukulu aja n'kusanduka asilikali. Nkhaniyi ikungokwera: mayeso, sukulu, nkhondo, mulungu wa moto. Pa gawo lililonse Rin ali ndi chinthu chimodzi chooneka chimene akuchifuna, mdani wake ndi wodziwika, ndipo mphamvu zake zikunka zikula. Aliyense amene analembapo mayeso oti asinthe moyo wake amakhala mbali ya Rin kuyambira mutu woyamba. Nkhani yomangidwa chotere sivuta kuikonda.

Koma tikumbukire kumene kukwerako kunathera. M'mutu 21 Rin ndi anzake analowa mumzinda wa Golyn Niis n'kupeza milu ya mitembo, ndipo Kuang sanabise kuti anatengera zimene asilikali a Japan anachita ku Nanjing mu Disembala 1937, komwe khoti la ku Tokyo linapeza kuti anthu oposa 200,000 anaphedwa. Chipinda choyeseramo anthu amoyo cha Shiro, dokotala wa ku Mugen, nachonso chinachokera ku gulu lenileni la asilikali a Japan lotchedwa Unit 731, lomwe linkachita zomwezo. Altan, mtsogoleri wa Rin, anadziwotcha kuti iye athawe. Ndiyeno Rin, ali pachilumba cha Speer, anapempha mulungu wake Phoenix kuti afafanize dziko lonse la Mugen, ndipo zinachitikadi. Makanda, alimi, asodzi, agogo, onse anapsa tsiku limodzi. Mlembi amene wathera buku pamenepa watsala ndi njira zitatu. Angathe kubweretsa mdani woipa kuposa woyamba kuti wowerenga aiwale mlandu wa Rin. Angathe kulumpha zaka zingapo n'kutibweretsera Rin wochira kale. Kapena angathe kuyambira pafupi pomwepo, ndi munthu yemweyo amene wangopha mtundu wathunthu. Kuang anasankha yachitatu, n'kuyamba buku lachiwiri patangodutsa miyezi itatu. Chisangalalo chimene wowerenga anamva poona Mugen ikupsa chinali ngati ndalama ya katapila: tsiku lotenga imakoma, koma mwezi ukatha mwini wake amabwera ndi chiwongoladzanja, ndipo The Dragon Republic ndi tsiku lobwezalo.

Dandaulo loyamba, lomwenso limamveka kwambiri, ndi la Rin mwini wake. Odandaula amati mtsikana amene ankadziwotcha ndi kandulo kuti akhoze mayeso sangasanduke munthu wongokhalira kusuta opiyamu, kulira Altan ndi kukalipira anzake. Amati sakula, amabwereza zolakwa zomwezo, ndipo atangochoka m'manja mwa mtsogoleri wina wankhanza akukadzipereka kwa wina, Yin Vaisra, wolamulira chigawo cha Dragon komanso bambo ake a Nezha, mnzake wa Rin wa ku Sinegard. Vaisrayo akuukira mfumukazi ya Nikan kuti akhazikitse dziko latsopano la ufulu. Dandauloli si lachabe. Mitu yoyambirira ndi yowawa kuwerenga. Ku Adlaga, Rin analephera kuugwira moto wake mpaka kuwotcha Unegen, msilikali wa gulu lake lomwe, ndipo Unegen ndi Enki, sing'anga wa gululo, anachoka osabwereranso. Komabe tidzifunse kuti munthu wina wotani akanatuluka m'buku loyamba lija. Opiyamu sanabwere mwadzidzidzi m'nkhaniyi. Buku loyamba linatiuza kale kuti mulungu akalowa m'mutu mwa munthu satulukamo, kuti asilikali amizimu onse amathera kumisala, ndiponso kuti Altan yemwe ankasuta kuti phokoso la Phoenix lileke. Rin wangotsatira lamulo limene nkhaniyo inadziikira yokha. Za kubwerezabwereza zolakwa, aliyense amene anasamalirapo m'bale womangidwa ndi kachasu amadziwa kuti chibaba sichitha chifukwa choti munthu walumbira kamodzi. Amasiya, amabwerera, amanama, amakwiyira amene akumuthandiza. Mlembi akanamuchiritsa Rin m'mitu iwiri, akanatinamiza pa chinthu chimene ambiri tinachiona ndi maso.

Pali mfundo inanso yozama pa dandaulo lomweli. Khalidwe limene owerenga analitcha khama m'buku loyamba ndi lomweli akulitcha kupusa m'buku lachiwiri. Rin sankawerenga chifukwa chokonda maphunziro. Chimene ankachifunafuna ku Sinegard chinali kutamandidwa ndi aphunzitsi, ndipo bukulo linanena poyera kuti anazolowera kuyamikiridwa ngati mankhwala. Altan anamumenya, iye n'kupitiriza kumulambira. Vaisra nayenso anamuwomba mbama m'chombo pomuletsa opiyamu, kenako n'kumuyamikira, ndipo Rin anagwa mumsampha womwewo chifukwa njala yake inali isanasinthe. Kusiyana n'kwakuti kusukulu njala imeneyi inkamupatsa malikisi abwino, pamene kunkhondo ikumusandutsa chida cha aliyense wodziwa kunena kuti "wachita bwino". Choncho amene akuti Rin wasintha khalidwe sanamuwerenge bwino poyamba paja. Sanasinthe, ndipo kusasinthako ndiye nkhani yake.

Dandaulo lachiwiri ndi la moto. Ku Lusan, pamene Vaisra ndi Rin anayesa kupha mfumukazi Su Daji, mfumukaziyo inaika chidindo chaululu m'maganizo a Rin, chomwe chinamudula kwa Phoenix kwa mbali yaikulu ya buku. Odandaula amati iyi ndi njira yaulesi: mlembi anampatsa mpangankhani mphamvu zochuluka, kenako atasowa pogwira n'kungomulanda. Apa akunena zoona theka. Dzanja la mlembi likuonekeradi, ndipo wowerenga wozolowera nkhani zoterezi amadziwiratu kuti motowo udzabwerera nthawi yake ikakwana. Koma taganizirani vuto limene linalipo. Munthu amene wafafaniza dziko lonse angathe kumaliza nkhondo iliyonse pa tsamba limodzi, ndiye kuti palibe nkhondo imene ingamuopse wowerenga. Alembi amathana nalo vutoli m'njira zodziwika: kukweza mphamvu za adani, zomwe zimafikitsa nkhani pa mpikisano wa zimphona wopanda anthu, kuika mtengo pa mphamvuyo, kapena kuichotsa kwa kanthawi. Kuang anachotsa kaye, kenako anabweza ndi mtengo. Atagwidwa ndi a Ketreyid, anthu a kwawo kwa Chaghan ndi Qara, mapasa a m'gulu lake, Rin anamangidwa mzimu pamodzi ndi Kitay, mnzake wa ku Sinegard. Kuyambira pamenepo moto umadutsira m'mutu mwa Kitay, umamupweteka, iye angathe kuutseka, ndipo mmodzi akafa mnzake amafanso. Mphamvu yopanda malire ija yasanduka mphamvu yofunika chilolezo cha munthu yekhayo amene sachita mantha kumuuza Rin kuti walakwa.

Chofunika kwambiri n'chakuti kuchotsedwa kwa motowo kunali kuyesa Vaisra, osati Rin. Rin ali ndi moto, anthu a ku Arlong, likulu la chigawo cha Vaisra, anamulandira mwaulemu. Moto utangozima, Jinzha, mwana wamkulu wa Vaisra, anamutsitsa udindo n'kumuponya pakati pa asilikali wamba oyenda pansi, ndipo Vaisra anamupereka kwa Petra, sisitere wa ku Hesperia, dziko la azungu a m'nkhaniyi, kuti azimuvula ndi kumuyeza ngati chinyama posinthanitsa ndi lonjezo la zombo ndi mfuti. Zimenezi sizikanaoneka Rin akanakhalabe woopsa, chifukwa palibe amene amanyoza munthu woti angamuwotche. Wowerenga amene akudandaula kuti moto wasowa akuphonya chimene mitu imeneyo ikumuonetsa, chomwe ndi mtengo weniweni wa mtsikana wakuda wa kummwera pamaso pa mabanja olemera a kumpoto.

Dandaulo lachitatu ndi loti buku likuyenda pang'onopang'ono, ladzaza misonkhano, mapu ndi mikangano ya chakudya cha asilikali. Apa m'pofunika kudziwa chimene Kuang, yemwe anaphunzira mbiri ndi za China ku mayunivesite a Georgetown, Cambridge ndi Oxford, anachita ndi mbiri ya dzikolo. Iye anatembenuza ndondomeko ya zaka. M'mbiri yeniyeni, nthawi ya akuluakulu ankhondo olamulira zigawo inali kuyambira 1916 mpaka 1928, ndipo nkhondo yaikulu ndi Japan inabwera pambuyo, mu 1937. M'mabukuwa nkhondo ndi mlendo ndiyo ikuyamba, nkhondo yapachiweniweni n'kubwera kachiwiri. Zotsatira zake n'zakuti wowerenga akuchoka pa nkhondo imene woipa ndi wodziwika n'kulowa m'nkhondo imene mbali zonse zikulankhula chinenero chimodzi, zinaphunzira sukulu imodzi, ndipo iliyonse ili ndi mfundo. Kumva ngati nkhani yatsika n'kosapeweka, koma kutsikako ndi kwa mtima wa wowerenga, osati kwa luso la mlembi. Ulendo wa zombo za Vaisra wopita kumpoto ukufanana ndi ulendo wa asilikali a Chiang Kai-shek, mkulu wa nkhondo wa chipani cha Kuomintang, umene unayamba mu Julayi 1926 kuchokera kummwera, wokagonjetsa olamulira zigawo kuti dziko la China likhale limodzi.

Ndipo nkhondo ya pamtsinje imaluzidwa ndi zinthu zomwezo zimene odandaula akuti n'zotopetsa. Tiyeni tione mmene gulu la Jinzha linagwera, chifukwa bukuli linayala zifukwa zonse motsatana. Zombo zikupita kumtunda kwa mtsinje wa Murui, kutalikira kwawo tsiku ndi tsiku, kotero thumba lililonse la mpunga liyenera kuyenda mtunda wochulukirapo kuti lifike kwa msilikali. Mzinda uliwonse umene walandidwa ukufuna asilikali otsala kuti aulondere, ndiye gulu likunka lichepa pamene likupambana. Anthu a m'mizindayo akuuzidwa kuti avote ngati akufuna kulowa m'dziko latsopanolo, malupanga ali pakhosi, choncho kumbuyo kwa gululo kukutsala anthu ogonja koma osakhulupirika. Chisanu chikuyandikira, asilikali ambiri ndi a kummwera kotentha. Anzeru, Kitay mmodzi mwa iwo, akuti tiime tidikire chisanu chidutse. Koma a ku Hesperia anena kuti zombo zawo zibwera pokhapokha Vaisra ataonetsa kuti ndi woyenera kuthandizidwa, ndiye Jinzha sangaime. Mizinda ina ikugwa mosavuta chifukwa Daji akuwakokera dala mkati. Pofika pa nyanja ya Boyang, gululo latopa, latalikira kwawo, lapanikizika pamadzi opanda pothawira, ndipo Feylen, wogwidwa ndi mulungu wa mphepo, angomaliza ntchito imene njala ndi kudzikuza zinayamba kale. Chotsani misonkhano ija, chotsala ndi munthu wouluka woswa zombo popanda chifukwa. Ndi misonkhanoyo, wowerenga amaona tsoka likubwera kutali, ndipo amadziwa dzina la aliyense amene akanatha kuliletsa.

N'chimodzimodzinso ndi othawa kwawo amene adzaza kunja kwa Arlong. Ena a iwo akuthawa asilikali a Mugen otsalira kummwera, omwe alibenso kwawo kobwerera chifukwa Rin anakuwotcha. Ena akuthawa madzi a damu limene Chaghan ndi Qara anagumula molamulidwa ndi Altan kumapeto kwa buku loyamba, chinthu chotengedwa ku zimene boma la Chiang linachita mu Juni 1938 pogumula makoma a mtsinje wa Yellow River ku Huayuankou kuti litchinge asilikali a Japan, n'kumiza anthu ake omwe miyandamiyanda. M'buku loyamba kugumula damuko kunangotchulidwa mwachidule. M'buku lachiwiri anthu ake akuoneka, ali kuseri kwa mpanda, akudwala, anthu a mumzinda akuwanyansidwa, ndipo pakati pawo pali Kesegi, mwana wa m'nyumba imene Rin anakuliramo. Mabuku ambiri a nkhondo zopeka sabwereranso kukaona kumene madzi anapita. Ndikuvomereza kuti misonkhano ina ikubwereza mfundo imodzi ndipo mkonzi wolimba mtima akanadulako mitu ingapo pakati. Koma kunenepa pang'ono kwa buku ndi kulakwika kwa mamangidwe ake ndi milandu iwiri yosiyana.

Dandaulo lachinayi likuti chiwembu cha kumapeto chinali chodziwikiratu, moti palibe amene anadabwa Vaisra atamugulitsa Rin. Zoona, ndipo sichinalembedwe kuti chidabwitse. Atsogoleri a zigawo za kummwera anamuchenjeza Rin. Kitay ankakayika kuyambira kale. Ngakhale Daji, mdani wake, anamuuza maso ndi maso kumene zinthu zikulowera. Wodziwa mbiri amadziwanso kuti ulendo wa kumpoto uja unali wa mgwirizano wa chipani cha Kuomintang ndi achikomyunizimu, ndipo pa 12 Epulo 1927 ku Shanghai, Chiang anatembenukira anzakewo n'kuyamba kuwapha atatha kuwagwiritsa ntchito. Otsala anathawira kumidzi ndi kumapiri, Mao Zedong ali m'gulu lawo, ndipo Kuang ananena yekha kuti moyo wa Rin anautengera pa kukwera kwa Mao. Choncho funso la bukuli silinali loti kodi Vaisra adzamupereka. Funso linali loti n'chifukwa chiyani munthu wanzeru chotere akukana kuona chimene aliyense akuona. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma Rin nyererezo ankaziona, n'kumadyabe, chifukwa kukhala msilikali womvera malamulo kunkamupulumutsa ku mlandu wa kuganiza yekha. Wina akamulamula, imfa za anthu si zake. Mtima umenewu ndi umene buku lonse likuufufuza.

Komanso ngakhale wodziwiratu amamva kuwawa akafika pa mpeni weniweniwo, chifukwa wougwira si Vaisra. Nkhondo ya ku Red Cliffs yatha, Arlong wapulumuka, Rin wagonjetsa Feylen akuuluka ndi mapiko amene Kitay anamupangira, zombo za mumlengalenga za a Hesperia zafika ntchito itatha kale. Rin, Kitay, Nezha ndi Venka, amene anaphunzira limodzi ku Sinegard, amwa limodzi usiku. Kenako Nezha amutenga Rin m'kabwato, awiriwiri, ndipo m'menemo ndi momwe amubaya kumsana. Mnyamata ameneyu bukuli lamutsegula pang'onopang'ono kuchokera pa tsamba loyamba, pomwe tinamuona ali mwana akuonerera chinjoka cha m'phanga chikudya mng'ono wake Mingzha. Iye amakhulupirira ndi mtima wonse kuti milungu ndi temberero, chifukwa wake amamuzunza tsiku ndi tsiku, ndipo amakhulupirira dziko la ufulu limene bambo ake akulonjeza. Akumupereka Rin akumukonda. Pampondachimera potere sipadalira kudabwitsa, ndipo n'chifukwa chake pamapwetekabe ukawerenga kachiwiri.

Ena amadandaulanso kuti a Hesperia anajambulidwa mokokomeza, ngati azungu a m'sewero. Dandaulo ili ndi lofooka kuposa onse. Petra akamayeza mutu wa Rin ndi kumuonetsa zithunzi zosanja mitundu ya anthu kuyambira wapamwamba mpaka wapansi, akuchita zimene akatswiri enieni ankachita; Samuel Morton wa ku Philadelphia ankasonkhanitsa zigaza za anthu m'zaka za m'ma 1830 n'kumaziyeza ndi cholinga chomwecho. Mapangano a ku Tianjin a mu 1858, amene China inakakamizidwa kusaina pa nkhondo yachiwiri ya opiyamu, ndi omwe anatsegulira amishonale njira yolowera m'kati mwa dzikolo. Bukuli silinabisenso mbali inayo: amishonale omwewo ndi amene akugawa chakudya kwa othawa kwawo pamene Vaisra akuwanyalanyaza, ndipo Augus, wachinyamata wa m'gulu lawo, ndi wokoma mtima moona ngakhale amakhulupirira kuti Rin ndi munthu wotsika. Wowerenga wa kuno kwathu safunika kumufotokozera kuti sukulu, chipatala ndi kunyozedwa zingathe kubwera ndi munthu mmodzi.

Tsopano tifike pa chilema chenicheni, chomwe odandaula amachitchula mochedwa pamene chinayenera kukhala patsogolo. Ndi gulu la Cike, asilikali amizimu amene Rin anawalandira kwa Altan. M'buku loyamba anthu amenewa anali mchere wa nkhani: Suni, chimphona chofatsa chokhala ndi mulungu wa nyani, Baji ndi chikhasu chake cha mano asanu ndi anayi, Ramsa, kamnyamata ka diso limodzi kokonda mabomba. M'buku lachiwiri akungoyenda kumbuyo kwa Rin, kutulukira pakafunika nthabwala kapena nkhondo, kenako n'kuzimiririka mitu yambiri. Ndiye pamene Vaisra akuwapha kumapeto kuti akondweretse a Hesperia, imfa zawo sizilemera mmene zinayenera kulemerera. Chifukwa chake n'chodziwika. Kupatula chiyambi chija cha Nezha, nkhani yonse tikuionera m'maso mwa Rin, ndipo Rin wa m'bukuli saona munthu wina koma Altan wakufa ndi Vaisra wamoyo. Wina angateteze mlembi ponena kuti kunyalanyazako ndi mlandu wa Rin monga mtsogoleri, ndipo n'zoona kuti bukuli likumuimba mlanduwo. Koma chitetezo chimenechi sichikwanira, chifukwa mlembi waluso angathe kumuonetsa wowerenga zimene mpangankhani wake sakuona. Kuang anakwanitsa zimenezi ndi Venka, yemwe anapulumuka ku Golyn Niis n'kubwerera ndi manja owonongeka ndi mkwiyo umene banja lake likuchita nawo manyazi, ndipo m'masamba ochepa chabe amasanduka munthu wosaiwalika. Suni ndi Baji anafunikira zochitika ziwiri kapena zitatu zoterezo, zopanda nkhondo, zongokhala pansi kudya ndi kukangana.

Koma taonani kumene chilema chimenechi chikuloza. Mankhwala ake ndi kuwonjezera nthawi yachete yokhala ndi anthu, yomwe ndi nthawi imene odandaula aja akufuna ichotsedwe kuti moto uchuluke. Munthu sangadandaule kuti buku likuchedwa kufika kunkhondo, n'kudandaulanso kuti imfa za kunkhondoko sizikumukhudza, chifukwa chimene chimalemeretsa imfa m'nkhani ndi masamba amene munthuyo anakhala wamoyo popanda kumenya nkhondo. Pa madandaulo awiriwa, lachiwiri ndi lomwe lili ndi maziko, ndipo likugwetsa loyambalo.

Latsala dandaulo lakalekale la mabuku onse apakati, loti ntchito yawo ndi kungosuntha anthu kuchoka pamene buku loyamba linawasiya kupita pamene lachitatu likuwafuna. Mabuku otere alipodi, ndipo pali njira yosavuta yowadziwira: chotsani buku lapakatilo, muone ngati lachitatu lingayambe ndi chiganizo chimodzi chofotokoza zimene zadutsa. Ndi The Dragon Republic zimenezi sizitheka. Poyamba Rin ali ndi mdani mmodzi, Daji, ndipo akufuna kubwezera basi, alibe maganizo alionse a mmene dziko liyenera kuyendera. Akuchita manyazi ndi kwawo, wakhala zaka akuyesetsa kufafaniza kalankhulidwe ka ku Tikany. Wanyamula mkondo wa mano atatu wa Altan, chida chimene sichimuyenera ndipo sadziwa kuchigwiritsa ntchito bwino. Pomaliza mkondowo wausungunula, opiyamu sakumulamuliranso, gulu lake lafa, dzanja lake laphwanyika podzisolola mu unyolo, ndipo akuthawa ku Arlong ndi Kitay ndi Venka m'chombo cha Moag, mfumukazi ya achifwamba a panyanja. Mdani wake tsopano si munthu mmodzi koma mabanja olamulira a kumpoto pamodzi ndi alendo owapatsa mfuti, ndipo asilikali amene akuwadalira ndi alimi akuda a kummwera omwe ankawathawa aja, chifukwa wazindikira kuti ndi ochuluka ndipo angathe kufa ambiri osatha. Maganizo oopsawa sakanamveka m'kamwa mwa mtsikana wa ku Sinegard, ndipo ndi amene The Burning God, lomwe linatuluka mu Novembala 2020, likuyambira nawo kummwera komweko.